Percy Julian: mnyamata amene bambo ake ankafuna akhale dokotala

Anzanga, nyengo ya mafomu ija yafikanso. Amene mwalandira zotsatira za MSCE mukudziwa kale mmene zimayendera: tsiku loyamba chimwemwe, lachiwiri mafoni a achibale, lachitatu funso loti ulemba kosi yanji. Ndipo ngati unakhoza bwino masayansi, nthawi zambiri kunyumba amakhala atakusankhira kale. Udokotala basi. Ukangoyerekeza kunena kuti mtima wako uli pa Chemistry, amalume amakuyang'ana ngati wanena kuti ukufuna kukagulitsa mandasi pa depoti, kenako amafunsa kuti ntchito yake ndi yotani kupatula kugwira choko.

Funso limenelo si lachibwana, ndipo silinayambe lero. Zaka zoposa 100 zapitazo, mnyamata wina ku America anakumana nalo kuchokera kwa bambo ake omubereka. Dzina lake anali Percy Lavon Julian. Mwezi uno tsamba lathu la mbiri ya anthu otchuka likhala pa iyeyu, ndiye khalani pansi bwinobwino, nkhani yake ndi yaitaliko.

Percy anabadwa pa 11 April 1899 mumzinda wa Montgomery, ku Alabama, kummwera kwa United States. Anali woyamba m'banja la ana 6. Bambo ake, a James Julian, ankagwira ntchito yosanja makalata m'sitima zapamtunda, ntchito ya boma imene munthu wakuda akaipeza masiku amenewo ankaoneka kuti zake zayera. Mayi ake, a Elizabeth, anali mphunzitsi. Agogo ake anakulira mu ukapolo, ndipo mbiri ya banjali imanena kuti agogo ake aamuna anawadula zala ziwiri chifukwa chophunzira kulemba. Mwina n'chifukwa chake pakhomopo nkhani ya sukulu sinali yokambirana.

Vuto linali loti ku Montgomery kunalibe sekondale ya boma ya ana akuda. Percy anaphunzira pa sukulu yosula aphunzitsi achikuda, imene maphunziro ake ankathera panjira. Choncho mu 1916, ali ndi zaka 17, atalandiridwa pa DePauw University m'tauni ya Greencastle ku Indiana, anamuika pamlingo wotsika kuposa wa chaka choyamba. Tangoganizani: kwa zaka ziwiri ankalowa makalasi a yunivesite kwinaku akumalizitsa maphunziro a sekondale amene anaphonya. M'mahositelo sankaloledwa kugona. Malo odyera a m'tauniyo ambiri sankamulandira. Anapeza ganyu pa nyumba ina imene munkakhala gulu la ophunzira achizungu, yoperekera zakudya patebulo ndi kusonkhezera ng'anjo yotenthetsera nyumba, ndipo malipiro ake ena anali kachipinda kam'denga kogonamo.

Pa DePauw panali pulofesa wa Chemistry dzina lake William Blanchard. M'labu ya bamboyu ndi mmene Percy anagwidwira mtima. Mu 1920 anamaliza digiri yake ali nambala wani m'kalasi yonse, iye uja analowa ali pambuyo pa aliyense.

Apa ndiye pali nkhani imene ndikufuna muimvetsetse. Anzake a m'kalasi, amene iye anawaposa, anayamba kulandira makalata owaitana kukachita digiri yachiwiri ndi PhD m'mayunivesite akuluakulu, thandizo la ndalama lili pomwepo. Iye ayi. Atafunsa, a Blanchard anamuonetsa mayankho amene mapulofesa a mayunivesite aja anatumiza. Onse ankanena zofanana: mnyamatayo asalimbikitsidwe, chifukwa ngakhale ataphunzira chotani palibe kampani kapena yunivesite ya azungu imene idzamulembe ntchito, bola angopita kukaphunzitsa pa koleji ya anthu akuda kummwera, kumene PhD siyofunika. Bambo ake nawo anamuuza kuti asiye za Chemistry, akachite udokotala.

Ndipo kunena zoona, a James sanalakwitse masamu awo. Dokotala wakuda nthawi imeneyo sankafunika kupempha ntchito kwa mzungu. Ankatsegula kachipatala kake, odwala akuda n'kumabwera, banja n'kumadya. Koma katswiri wa Chemistry amafunika labu, magalasi, mankhwala ndi makina, ndipo zonsezo zinali m'manja mwa anthu amene sankamufuna. Azing'ono ake awiri a Percy anatsatiradi njira ya udokotala ndipo zinawayendera. Ndiye makolo akamakufunsani za ntchito, musamawaone ngati adani a maloto anu. Amakhala akuwerengera zenizeni. Chofunika n'choti inunso mukhale ndi yankho lanu, lodziwa chimene mukulowa.

Chimene mukulowacho n'chotani? Digiri yoyamba ya Chemistry si zija za kusakaniza timadzi tiwiri n'kuona utoto ukusintha. Muli masamu ambiri ndithu, muli Physics, muli mapulakitiko otenga masana onse utaimirira, kenako lipoti loti ulembe usiku womwewo. Umaphunzira kuyeza molondola, kusefa, kutcheza (inde, mfundo yake ndi yomwe ija ya kachasu), kuyeretsa chinthu mpaka chikhale chokhachokha, ndi kutsimikiza kuti chimene wapanga ndi chimenedi umafuna. Komanso, ngati cholinga chako ndi kafukufuku, digiri yoyamba imangokhala chitseko, mkati umalowa ndi yachiwiri ndi yachitatu. Percy ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake makalata aja anamupweteka kwambiri.

Anakana udokotala. Anapita kukaphunzitsa Chemistry pa Fisk University ku Nashville kwa zaka ziwiri, kenako anapata sikolashipu yopita ku Harvard kumene analandira digiri yachiwiri mu 1923. Ku Harvard nakonso khoma linalipo. Ophunzira a PhD ankadzilipirira pothandiza kuphunzitsa, koma akuluakulu anaopa kuti ana achizungu sangalole kuphunzitsidwa ndi munthu wakuda, ndiye mwayi umenewo anamumana. Anachoka wopanda PhD. Anakaphunzitsa ku West Virginia State College, kenako ku Howard University mumzinda wa Washington.

Mu 1929 bungwe la Rockefeller Foundation linamuthandiza kupita ku University of Vienna, ku Austria, kukaphunzira pansi pa pulofesa Ernst Späth, katswiri wa mankhwala opezeka m'zomera. Ku Vienna moyo unali wina. Ankalowa m'nyumba za zisudzo ndi zoimbaimba pakhomo lakutsogolo, ankaitanidwa kumakomo a anzake, anaphunzira Chijeremani mpaka kuchilankhula ngati chake. Sungani mfundo ya Chijeremaniyi, ibweranso. Analandira PhD mu 1931, patatha zaka 11 chimalizireni digiri yoyamba, ndipo anali munthu wakuda wachitatu wa ku America kufika pamenepo pa Chemistry.

Musaganize kuti anali mngelo. Atabwerera ku Howard analowa m'mikangano ya pa ofesi, ndipo makalata amene ankalembera anzake ali ku Vienna, onena za zibwenzi zake komanso onyoza anzake ena apantchito, anatulutsidwa m'nyuzipepala ya anthu akuda. Panalinso milandu ya kukhoti yokhudza mkazi wa mnzake wapantchito, Anna, amene pambuyo pake ukwati utatha anakwatirana ndi Percy mu December 1935. Manyazi anali aakulu, ndipo mu 1932 anatula pansi udindo. Masiku ano tikanati masikirinishoti atuluka. Ali ndi zaka 33, PhD ili m'thumba, analibe ntchito komanso dzina litaipa.

Anamutola ndi mphunzitsi wake wakale uja, a Blanchard, amene anamuitanira ku DePauw kuti azichita kafukufuku ndi kuyang'anira ophunzira m'labu. Percy anaitananso mnzake wa ku Vienna, Josef Pikl, ndipo awiriwa anasankha ntchito imene inkaoneka yoposa msinkhu wa kakoleji kakang'ono ngati kameneko.

Kumadzulo kwa Africa, cha ku Calabar m'dziko la Nigeria, kumamera nyemba ina yapoizoni. Anthu a Chiefik ankaitcha esere, ndipo ankaigwiritsa ntchito poweruza oganiziridwa ufiti. Woganiziridwayo ankamwetsedwa, akasanza ndiye kuti ndi wosalakwa, akafa ndiye kuti mlandu wamupeza. Mukumva ngati nkhani ya mwavi imene agogo amatiuza, eti? Kachitidwe kake n'kofanana, ngakhale mwavi umachokera ku khungwa la mtengo wina ndipo poizoni wake ndi wosiyana. Madokotala a ku Ulaya atafufuza nyembayi anapezamo mankhwala otchedwa physostigmine, amene akadonthezedwa m'diso amachepetsa kupanikizika kwa madzi a m'disomo. Kupanikizika kumeneko ndi kumene kumawononga mtsempha wa diso pa matenda a glaucoma mpaka munthu kuchita khungu. Mankhwalawa ankangodalira nyemba zija. Palibe amene anali atakwanitsa kuwapanga m'labu kuyambira pa zinthu wamba.

Amene ankayembekezeka kukwanitsa anali Robert Robinson wa ku Oxford, chimphona cha Chemistry ku Britain, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel mu 1947. Gulu la Robinson linali litasindikiza kale kuti lapanga chinthu chotchedwa eserethole, chimene chili masitepe ochepa chabe kufika pa physostigmine. Julian ndi Pikl, podzera njira yawo, anapanganso eserethole. Koma atayeza anapeza kuti yawo ikusungunuka pa kutentha kosiyana kwambiri ndi kumene Robinson analemba.

Amene munachita pulakitiko imeneyi mukudziwa tanthauzo lake. Chinthu chilichonse cholimba, chikakhala choyera bwino, chimasungunuka pa kutentha kwakekwake. Masiku amenewo kunalibe makina amakono ounikira mamolekyu, ndiye kutentha kosungunukira kunali ngati chiphaso cha chinthu. Manambala akasiyana, ndiye kuti wina wapanga chinthu china. Kaya Robinson wa ku Oxford, kaya Julian wopanda ngakhale udindo wa upulofesa. Pikl ankaopa kuti akalakwa ndiye kuti ntchito yawo yathera pomwepo. Julian analemba poyera m'magazini ya asayansi kuti wolakwa ndi Robinson. Kenako anatenga physostigmine weniweni wa m'nyemba, anamusandutsa eserethole, n'kuyerekeza ndi wawo wa m'labu atamulekanitsa bwino. Manambala anagwirizana. Mu 1935 anasindikiza kuti apanga physostigmine kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo akatswiri m'mayiko ambiri anavomereza.

Mukuganiza kuti DePauw inatani? Akuluakulu oyendetsa yunivesiteyo anakana kumupatsa udindo wauphunzitsi wokhazikika. Kampani ya DuPont inamuitana, koma itaona kuti ndi wakuda inabweza mawu, mnzake Pikl ndi amene anadzalembedwa ntchito kumeneko. Bungwe lofufuza za mapepala la Institute of Paper Chemistry linamufuna, koma tauni ya Appleton ku Wisconsin, kumene linali, sinkalola munthu wakuda kugona m'tauniyo usiku. Mawu a bambo ake aja anali akukwaniritsidwa limodzi ndi limodzi, zaka 15 chimalizireni digiri.

Chitseko chinatseguka kumene sankayembekezera: ku kampani ya penti. Mu 1936 mmodzi wa akuluakulu a Glidden Company, W. J. O'Brien, anamulemba ntchito yoyang'anira kafukufuku wa zinthu zopangidwa kuchokera ku soya ku Chicago. Kampaniyo inali itagula makina a ku Germany oyengera soya, ndipo munthu wodziwa Chemistry komanso Chijeremani anali wofunika kwambiri. Mwaona nkhani ya chilankhulo ija? Munthu wakuda kukhala bwana wa labu ya kampani yaikulu, azungu akugwira ntchito pansi pake, zinali zosamveka nthawi imeneyo.

Soya yemweyu timalima ku Mchinji ndi ku Kasungu, yemweyu timadya m'phala ndi m'masoya pisi, Julian anakhala naye zaka 17. Anakonza njira yotulutsira puloteni wa soya wambirimbiri, amene ankagwiritsidwa ntchito kukutira mapepala ndi kupangira penti. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kampani ina inagwiritsa ntchito puloteni ameneyu kupanga thovu lozimitsira moto wa mafuta, lotchedwa Aer-O-Foam, limene asilikali apamadzi a America ankazimitsira moto m'sitima zawo. Moto wa petulo suzimitsika ndi madzi chifukwa mafuta amayandama pamwamba, koma thovu limauphimba n'kuumana mpweya.

Koma nkhani imene ine imandisangalatsa kwambiri ndi ya thanki. Cha mu 1939 anamuimbira foni kuti kufakitale kwachitika ngozi: madzi alowa m'thanki yaikulu ya mafuta a soya, ndipo pansi pake pakhazikika zinthu zoyera ngati phala. Kwa wina aliyense amenewo anali mafuta owonongeka, ndalama zotayika, mwinanso ntchito ya munthu kutha. Julian atayang'ana anakumbukira timibulu tina timene anationapo ku DePauw m'mafuta a nyemba za ku Calabar zija. Tinali stigmasterol, chinthu cha m'zomera chimene mamangidwe a molekyu yake amafanana kwambiri ndi mahomoni a m'thupi la munthu. Asayansi ankadziwa kale kuti stigmasterol angasandutsidwe progesterone, homoni imene imathandiza kuti mimba ikhazikike ndipo madokotala ankaipereka kwa amayi amene ankapita padera. Chovuta chinali kumupeza wochuluka popanda kuwononga mafuta. Madzi olowa mwangozi aja anamuonetsa njira.

Ena amati unali mwayi. Inde unali mwayi, koma thanki imeneyo anaiona anthu ambiri tsiku limenelo, ndipo amene anazindikira chimene chinali pansipo ndi amene anakhala zaka akuyang'ana timibulu m'magalasi a labu. Mu 1940 Glidden inatumiza paundi imodzi ya progesterone, pafupifupi theka la kilogalamu, ku kampani ya mankhwala ya Upjohn. Mtengo wake unaposa madola 60,000, ndipo inanyamulidwa pa galimoto ya chitetezo ngati ndalama za kubanki. Poyamba mahomoni otere ankachokera ku ziwalo za nyama, pang'onopang'ono komanso modula koopsa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, madokotala a ku Mayo Clinic anapeza kuti cortisone amathandiza modabwitsa odwala nyamakazi yotupitsa mfundo. Anthu amene sankatha kudzuka pabedi ankayenda. Koma ankapangidwa kuchokera ku ndulu ya ng'ombe kudzera m'masitepe ambirimbiri, ndipo sankakwanira. Mu 1949 Julian analengeza njira yopangira chinthu chotchedwa Substance S kuchokera ku soya, chimene chimasiyana ndi hydrocortisone pa atomu imodzi yokha ya okosijeni. Tisakokomeze apa: sanali yekha pa mpikisanowu. Russell Marker anali atatsegula kale njira ya zilazi zakutchire za ku Mexico, kampani ya Syntex inali patsogolo pa zambiri, ndipo mu 1952 asayansi a Upjohn anapeza kuti nkhungu ina imatha kuika atomu ya okosijeni pamalo ovuta aja mosavuta. Koma njira yogwiritsa ntchito tizilombo tosaoneka ndi maso itadziwika, Substance S wa Julian anakhala poyambira pabwino popangira hydrocortisone, mankhwala omwe aja mumawaona m'timachubu topaka pa ziwengo ku famase.

Kutchuka sikunamuteteze. Mu 1947 bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP linamupatsa mendulo ya Spingarn. Mu 1950 anagula nyumba ku Oak Park, dera la azungu opeza bwino kufupi ndi Chicago. Asanalowemo n'komwe, mu November chaka chomwecho, anthu anathira petulo m'nyumbamo kuti aitenthe. Mu June 1951 ena anaponya bomba la dayinamaiti pabwalo, ana ake ali m'nyumba. Mwana wake wamwamuna ankakumbukira mausiku amene iye ndi bambo ake ankakhala mumtengo wa pakhomopo, bambo atagwira mfuti, kulondera. Anthu ambiri a m'deralo anaima nawo ndipo banjali silinasamuke. Mkazi wake Anna nayenso sanali munthu wamba, anali ndi PhD ya Sociology ya ku University of Pennsylvania.

Glidden itataya chidwi ndi za mahomoni, Julian anachoka kumapeto kwa 1953 n'kutsegula kampani yake, Julian Laboratories, imene inali ndi fakitale ina ku Mexico yokonzera zilazi zija. Analemba ntchito akatswiri akuda ndi amayi amene makampani ena ankawabweza pageti. Mu 1961 anaigulitsa kwa Smith, Kline and French pa madola 2.3 miliyoni, n'kukhala mmodzi mwa anthu akuda olemera kwambiri ku America nthawi imeneyo. Zina mwa ndalamazo anathandizira milandu yomenyera ufulu wa anthu akuda. Pa moyo wake wonse analembetsa umwini wa njira ndi zinthu zatsopano zoposa 100.

Mu 1973 anasankhidwa kulowa m'bungwe la asayansi apamwamba la National Academy of Sciences, munthu wakuda wachiwiri kulowamo pambuyo pa katswiri wa masamu David Blackwell. Apa n'kuti thanzi litayamba kale kuvuta. Anamwalira ndi khansa ya chiwindi pa 19 April 1975 ku Waukegan, Illinois, patangotha masiku 8 atakwanitsa zaka 76.

Mu 1993 nkhope yake inaikidwa pa sitampu ya positi ya United States, positi yomwe ija bambo ake ankaisanjira makalata m'sitima. Ku DePauw, nyumba yophunzitsiramo sayansi ndi masamu pano imatchedwa Percy Lavon Julian Science and Mathematics Center, ndipo ana a chaka choyamba amachitira mapulakitiko awo a Chemistry mmenemo.